BP pa zaka 27: ndinasiya mankhwala, kodi ndalakwitsa?

Gulu: Achinyamata a Dedza ndi Ntcheu

Lachiwiri madzulo

Limbani (Bembeke): Odi abale pagulu pano. Ndakhala ndikulemba n'kufufuta kuyambira dzana, koma lero ndalimba mtima. Ndili ndi zaka 27, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto, ndimaima pa siteji ya Bembeke. Mwezi wa June mutu unandipweteka kunkhongo masiku anayi, ine n'kumati ndi malungo. Kuchipatala malungo sanawapeze. Namwino atandimanga chija pamkono anakhala kaye chete, kenako anayezanso mkono winawu. Anapeza 168/104. Anati ndibwerenso pakatha sabata, ndipo nditabwerera inali 162/100. Anandilembera mankhwala awiri m'kabuku, HCT ndi amlodipine. Ndinamwa milungu itatu, mutu unasiya, inenso n'kusiya kumwa. Pano patha mwezi ndi theka. Mayi akuti ndi maganizo chabe, ena akuti pali munthu wandichita chifukwa ndinagula njinga. Kodi alipo wina wa msinkhu wangawu amene ali ndi BP? Ndikudziona ngati ndili ndekha.

Tiyamike (Lizulu): Simuli nokha achimwene. Ine ndili ndi zaka 24, mankhwala ndayamba chaka chatha. Ndilemba bwino mwana akagona.

Aubrey: Iii aise, BP pa 27? Si matenda a madala amimba zawo amenewo?

Limbani (Bembeke): Ndi mawu omwewo amene andipangitsa kukhala chete miyezi yonseyi Aubrey. Ine ndine woonda, mukandiona simungakhulupirire.

Bambo Jere (Tsangano): Limbani mwanawe, ine ndine wamkulu pagulu pano, anandilowetsa ndi ana anga chifukwa cha nkhani za mbatata. Koma pankhani iyi sindingakhale chete. Mng'ono wanga anali woonda ngati iwe, mlimi wolimba, ankanyamula thumba la kachewere yekha kuchoka kudimba mpaka pamsewu. Ali ndi zaka 31 anamuuza za BP. Anamwa mankhwala mwezi umodzi n'kusiya chifukwa sankamva kuwawa paliponse. Ali ndi zaka 34, tsiku lina m'mawa akusukusula, kapu inamugwa m'manja. Kamwa linapindikira mbali imodzi, mawu osamveka. Tinayamba tathamangira kwa sing'anga, tsiku lonse linathera kumeneko, kuchipatala tinafika mawa lake. Lero ali moyo, koma dzanja lamanja ndi mwendo sizigwira. Dimba lake ndikulima ndine, ana ake atatu ndikuphunzitsa ndine. Sindikukuopseza. Ndikungokuuza zimene maso angawa anaona.

Limbani (Bembeke): Pepani kwambiri bambo. Ndawerenga kawiri.

Anachisale (namwino): Moni nonse. Ndangoweruka kumene, ndiye mundipirire ndilemba motalikirapo. Limbani, wachita bwino kulankhula. Choyamba ndikufunse, unasiya chifukwa mutu unasiya basi, kapena pali china chimene mankhwalawo ankakuchita? Unene zoona, pano palibe wokuweruza.

Limbani (Bembeke): Zilipo ziwiri mayi. Choyamba, kamodzi kaja kankandikodzetsa kwambiri. Ndanyamula kasitomala wopita ku Dedza boma, panjira ndiime, ndibwerere ndiimenso. Makasitomala ena ankadandaula. Chachiwiri ndi chamanyazi. Anzanga pa siteji anandiuza kuti mankhwala a BP amapha mphamvu zachimuna, ndipo ine ukwati wanga uli mu October. Ndinachita mantha.

Aubrey: Zimenezo ndinamvaponso ine. Akuti ukangoyamba basi, m'nyumba mwazizira.

Anachisale (namwino): Zikomo ponena chilungamo. Ndiyambe ndi chachiwiricho chifukwa ndi chimene chimathawitsa anyamata ambiri, kungoti satiuza. Ndi zoona kuti mankhwala ena a BP, monga HCT ndi atenolol, amatha kufooketsa amuna ena kumbali imeneyo. Ena, osati onse, ndipo ambiri saona kusintha kulikonse. Koma mvetserani bwino apa. Mphamvu zachimuna zimadalira magazi kuyenda bwino m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo BP yosasamalidwa ndi imene imawononga timitsempha timeneto. Mnyamata wothawa mankhwala kuti ateteze banja lake amakhala akuitana vuto lomwelo, ndipo likabwera mwa njira imeneyo ndi lovuta kulibweza. Pamene likabwera chifukwa cha piritsi, timangosintha piritsilo. Mitundu ya mankhwala ilipo ingapo. Umangolowa m'chipinda n'kunena kuti awa akundichita chakuti. Ngati ukuchita manyazi ndi namwino wamkazi, pempha kuonana ndi wachimuna, palibe amene angakukanize.

Za kukodza, HCT ntchito yake ndi imeneyo, kuchotsa mchere ndi madzi owonjezera m'thupi. N'chifukwa chake timati azimwedwa m'mamawa. Kwa ambiri kukodza pafupipafupi kumachepa pakapita milungu ingapo. Ngati sikukuchepa ndipo kukusokoneza ntchito, icho ndi chifukwa chokwanira chobwerera kuchipatala, osati chosiyira.

Limbani (Bembeke): Koma mayi, ngati mutu unasiya kupweteka, si ndiye kuti BP inatsika?

Anachisale (namwino): Ayi mwananga. Apa ndi pamene anthu ambiri timawataya. BP nthawi zambiri siwawa. Munthu akhoza kuyenda ndi 170/110 akuseka, akulima, akusewera mpira. Iwe umadziwa tayala la njinga. Ukapopa mpweya wopitirira muyeso, njinga imayendabe, mwinanso kuthamanga bwino, koma chubu chikuvutika mkatimo tsiku ndi tsiku mpaka tsiku lophulika. Mitsempha ya magazi ndi chimodzimodzi. Ikaphulika kapena kutsekeka mu ubongo ndiye sitiroko ija anena Bambo Jere. Mtima nawo umakula chifukwa chopopa molimbana, kenako umatopa. Impso zimawonongeka mwakachetechete, ndipo zikafa munthu amafunika makina osefa magazi, amene m'zipatala za boma tingawapeze ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre. Tangoganiza ulendo wochoka ku Bembeke kangapo pa sabata moyo wako wonse. Maso nawonso amatha kuchita khungu.

Manambala awiri aja, lam'mwamba ndi mphamvu ya magazi mtima ukamapopa, lam'munsi ndi pamene mtima ukupumira. Munthu wabwinobwino amakhala cha m'ma 120/80. Ikamapezeka 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, timati ndi BP yokwera. Yako inali pamwamba pa 160/100 kawiri konse, n'chifukwa chake sanachedwe kukupatsa mankhwala.

Mphatso: Anachisale, ine ndikangoona yunifolomu yoyera mtima umagunda ngati ng'oma. Kuchipatala amapeza 150, koma kwa azakhali anga amene ali ndi makina awo ndimapeza 125. Ndikhulupirire iti?

Anachisale (namwino): Zimenezo zimachitika ndithu Mphatso, ndipo timazidziwa. Uzilemba manambala a kwa azakhaliwo m'kabuku, tsiku ndi nthawi, m'mawa ndi madzulo kwa sabata imodzi, n'kupita nawo kuchipatala. Koma uziyeza moyenera. Khala pampando mphindi 5 usanayeze, msana utatsamira, mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, mkono uli patebulo mofanana ndi pamtima. Usalankhule makina akuyeza. Ukodze kaye, ndipo usakhale utasuta fodya kapena kumwa khofi m'mphindi 30 zapitazo. Ndipo nonse okhala kuno kumapiri mudziwe kuti nyengo yozizira BP imakwerako chifukwa mitsempha imafinyika. June ndi July wa ku Dedza ndi ku Tsangano mumamudziwa nokha.

Tiyamike (Lizulu): Mwana wagona tsopano. Ine yanga inayamba ndili woyembekezera, mimba ili ndi miyezi 7. Mapazi anatupa, nkhope inatupa, mphete inakana kuvuka. Apongozi ankati ndi mmene zimakhalira, ena ankati ndikhala ndi mapasa. Tsiku lina ndikugulitsa tomato pamsika maso anayamba kuona tinyenyezi, mutu ngati ukung'ambika. Mnzanga wa benchi yoyandikana ndi amene anandikokera kusikelo. Anapeza BP ili pamwamba kwambiri ndipo mumkodzo munali zimene sizifunika kukhalamo. Ananditumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, mwana anabadwa masiku asanakwane, wochepa ngati botolo. Tinakhala kukangaru, kuchipinda chosamalira ana obadwa masiku asanakwane, milungu itatu. Anandiuza kuti ambiri BP imatsika akachira, koma yanga sinatsike. Ndinalira achimwene. Zaka 23, mwana wakhanda, n'kumva kuti uzimwa mankhwala tsiku lililonse. Chimene chinandivuta kwambiri si piritsi, ndi pamzere. Ukakhala pabenchi ya odwala BP ndi shuga umapezeka uli pakati pa agogo okhaokha, ndipo amakufunsa kuti mwabwera kudzatengera ndani. Miyezi iwiri yoyamba ndinkanama kuti ndikutengera amayi. Pano ndimangoyankha kuti ndi anga. Agogo ena a ku Mlangeni amandisungira malo pamzere.

Limbani (Bembeke): Za pamzerezo mwandilasa achemwali. Tsiku lomwe ndinapita, bambo wina anandiuza kuti mzere wa achinyamata ndi uko.

Tiyamike (Lizulu): Muzingokhala pomwepo. Manyazi a pabenchi amatha pofika masana.

Anachisale (namwino): Atsikana onse oyembekezera pagulu pano awerenge zimene walemba Tiyamike. Kutupa nkhope ndi manja, mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pansi pa nthiti mbali yakumanja, zimenezo si zodikira tsiku la sikelo. Ndipo amene muli kale pa mankhwala a BP, mukafuna kutenga pakati kapena mukangozindikira kuti mwaima, fulumirani kudzatiuza. Enalapril ndi woopsa kwa mwana wam'mimba, timasintha n'kupereka ena monga methyldopa kapena nifedipine.

Chisomo (mphunzitsi, Ntcheu): Ndiwonjezere za kulera. Ine ndinkamwa mapiritsi olera zaka ziwiri, BP n'kuyamba kukwera. Anandifotokozera kuti mapiritsi ena ali ndi mahomoni awiri ndipo amatha kukweza BP, anandisinthira njira ina. Atsikana musamangogula mapiritsi olera osayezetsa.

Aubrey: Chabwino, koma ine ndinene maganizo anga. Amalume anga ku Kasinje samwa zachizungu. Amatafuna adyo m'mawa uliwonse, amamwa chammwamba ndi madzi a mandimu, ndipo ali bwinobwino zaka zonsezi. Makolo athu ankakhala bwanji kusanabwere mapiritsi? Limbani yesa zimenezi kaye, usadzipanikize ndi mankhwala a moyo wonse uli mwana.

Bambo Jere (Tsangano): Aubrey, amalume akowo anayezetsa liti?

Aubrey: Sapita kuchipatala, koma akuoneka athanzi.

Bambo Jere (Tsangano): Mng'ono wanganso ankaoneka wathanzi mpaka m'mawa umene uja. Ndipo ponena za makolo, ine ndakula ndikumva kuti uje anagwa kumunda, uje anagona osadzuka, uje anamuponda ndi afiti usiku n'kuuma mbali imodzi. Maliro ambiri amene tinkanamizirana ufiti m'mudzi mwathu, ndikaganiza lero ndimaona kuti inali BP yomweyi. Mabanja anadana chifukwa cha matenda amene makina a batire akanatha kuwaona.

Aubrey: Sindikutsutsa bambo, koma zitsamba nazonso zimathandiza. Si zonse za makolo zili zabodza.

Anachisale (namwino): Aubrey sindikunyoza zamakolo, inenso adyo ndimathira mundiwo ndipo chammwamba ndi ndiwo yabwino. Idyani. Koma sizingatsitse 168/104 kufika pamene impso zingapumule. Amene akufuna kudziwa zoona ayezetse, manambala sanama. Chimene ndimaopa kwambiri ndi mabotolo aja ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, olembedwa kuti amachiza BP, shuga, mphumu ndi kusabereka nthawi imodzi. Palibe amene akudziwa zili mkatimo, ndipo tawaonapo anthu atabwera impso zitawonongeka. Amalume akowo uwatengere kuchipatala akayezetse kamodzi kokha. Kuyeza BP m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo sikutenga mphindi 10.

Aubrey: Ndiwauza, ngakhale ndi ovuta.

A Mbewe (mkulu wa mpingo): Ndiikepo liwu limodzi pa za mapemphero, poti ndikudziwa ena amauzidwa kuti kumwa mankhwala n'kuchepa chikhulupiriro. Ine ndimamwa amlodipine chaka chachisanu tsopano, ndimamwa ndikangomaliza pemphero la m'mawa. Wina akakuuzani kuti tayani mapiritsi mwachiritsidwa, muuzeni kuti tiyeni tonse kuchipatala akatsimikize ndi makina. Tinaika m'manda mtsikana wa kwaya chifukwa cha mawu otero, ndipo mpaka lero mtima wanga sunapole.

Mayi Nangozo (Linthipe): Ana anga, nkhani ya mchere bwanji simukuikhudza? Amuna anga ali ndi BP, ndiye kukhitchini kwanga ndinaphunzira movutikira. Poyamba ndinkaganiza kuti mchere ndi wokhawo wa m'paketi. Ayi ndithu. Soda amene timathira m'therere, m'chigwada ndi m'nkhwani kuti zifewe, nayenso amakweza BP ngati mchere. Timakyubu tokometsera ndiwo tija ndi mchere wokhawokha. Bakayawo wochokera ku Mozambique amene timamukonda pa Lizulu ndi pa Biriwiri, mumuviike kaye m'madzi n'kutaya madziwo kawiri musanaphike. Ndipo kambale ka mchere kaja kochoka nako kukhitchini kupita pamphasa, ndinakachotsa. Milungu iwiri yoyamba m'nyumba munali nkhondo, bambo ankati ndiwo zikukoma ngati madzi. Ndinayamba kuchulutsa tomato, anyezi, adyo, tsabola pang'ono, nsinjiro, ndi kufinyira ndimu pa usipa. Pano akapita kumaliro amabwera akudandaula kuti ndiwo zinawawa mchere. Lilime limazolowera.

Limbani, nkhani imeneyi ukambirane ndi mtsikana wakoyo musanalowe m'banja, chifukwa mphika udzakhala umodzi. Ndipo musamaphike miphika iwiri, wa wodwala ndi wa ena. Banja lonse lidye mchere wochepa, ana akule atazolowera.

Anachisale (namwino): Mayi Nangozo mwandilandira mawu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kang'ono kamodzi kosadzaza, kuphatikiza wonse wa m'zakudya zogula. Tsono Limbani tandiuza, pa siteji umadya chiyani kuyambira m'mawa?

Limbani (Bembeke): M'mawa tiyi ndi mandasi. Masana tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya, ndimathira mchere wa tsabola uja wambiri ndithu. Ndikatopa ndimamwa zakumwa zopatsa mphamvu zija, mwina ziwiri patsiku, makamaka tsiku la msika. Msana ukapweteka ndimagula brufen pa okala. Mowa ndimamwa Loweruka lokha, koma ndikamwa ndimamwadi.

Anachisale (namwino): Mwa zonse watchulazi, ziwiri usiye mawa lomwe. Brufen, diclofenac ndi indocid amakweza BP ndipo amapweteka impso, makamaka ukamamwa kawirikawiri. Msana ukavuta imwa panado, ukapitirira bwera tidzauone. Zakumwa zopatsa mphamvuzo zili ndi kafeini ndi shuga wambiri, zimathamangitsa mtima. Mowa wa Loweruka womwa mpaka kuiwala njira umakweza BP kwambiri, kaya ndi kachasu kaya ndi wa m'botolo. Za tchipisi sindikuuza kuti usadzalawenso, ndikudziwa pa siteji palibe khitchini. Koma uli pa Bembeke mwanawe, pamene anthu ochoka ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaimitsa galimoto kuti agule ndiwo zamasamba. Kachewere yemweyo wowiritsa, nyemba, kabichi, mpiru, nthochi, mapeyala, mapichesi nyengo yake, zonsezi zimathandiza kutsitsa BP ndipo kwanuko n'zotchipa kuposa kanyenya.

Yamikani (Dedza boma): Ine ndili ndi zaka 30, ndimagwira ntchito yokhala pansi tsiku lonse pa kompyuta. Yanga inapezeka 146/94 ndipo anandipatsa miyezi itatu kuti ndisinthe kadyedwe ndi kuyamba kuyenda ndisanayambe mankhwala. Ndinayamba kukwera njira ya kuphiri la Dedza m'mawa, mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Ndinatsika makilo 6, BP inafika 132/84. Koma ndisanamize anthu, mnzanga amene tinkayenda naye anachita zonsezi ndipo yake sinatsike, bambo ake ndi mayi ake onse ali nayo. Iye ali pa mankhwala ndipo tikuyendabe limodzi. Limbani, wa kabaza wa njinga yamoto amakhala pansi tsiku lonse ngati ine ndemwe, kusiyana ndi wa njinga yakapalasa.

Limbani (Bembeke): Zoona, chigulireni njingayi ngakhale kokagula mchere ndimakwera. Ndipo mayi anga ali ndi BP, agogo anga aamuna anamwalira atafa ziwalo.

Anachisale (namwino): Ndiye waona kuti si munthu wakuchita. Zimayenda m'magazi a pabanja, ndipo anthu akuda BP imatiyamba msanga kusiyana ndi mitundu ina. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi WHO anachita kafukufuku m'dziko muno ndipo anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. Pagulu lino tilipo oposa 200, ndiye ganizirani.

Chinanso chofunika kwa iwe. Munthu wa zaka zosakwana 30 akapezeka ndi BP yokwera chotere, timafuna tione ngati pali chimene chikuyambitsa, makamaka impso. Ukapita upemphe akuyeze mkodzo, shuga, ndi magazi oona mmene impso zikugwirira ntchito. Ngati pamene umapitapo alibe zipangizo, akulembere kalata yopita kuchipatala chachikulu cha ku boma.

Chisomo (mphunzitsi, Ntcheu): Nanga za maganizo zimene anena mayi ake? Chifukwa ine mwezi ukafika pa 20, ngongole ya banki m'khonde ikundidikira, ndimamva mtima ukugunda m'makutu.

Limbani (Bembeke): Inenso njingayi ndinatenga pangongole, ndimabweza sabata iliyonse. Tulo timabwera cha m'ma 1 koloko.

A Mbewe (mkulu wa mpingo): Maganizo ndi enieni ana anga, mayi ako sananame kwenikweni. Kusowa tulo ndi nkhawa zimakweza BP. Koma ngongole idzatha, BP n'kutsala. Usadikire kuti mavuto athe ndiye uyambe kudzisamala. Ndipo usasenze wekha, mutu umodzi susenza denga. Mtsikana wakoyo wamuuza?

Limbani (Bembeke): Ayi bambo. Ndikuopa kuti akauza makolo ake, iwo n'kunena kuti akukwatiwa ndi wodwala.

Tiyamike (Lizulu): Muuzeni achimwene. Ine amuna anga ndi amene amandikumbutsa, anaika alamu pafoni yawo 6 koloko m'mawa. Akadzazipeza yekha m'thumba la jekete zidzamupweteka kuposa kumva kwa inu. Ndipo kwawoko mukafufuza mupeza kuti alipo amene akumwa omwewo.

Mayi Nangozo (Linthipe): Ngati ukuopa makolo, uyambe wauza ankhoswe ako. Ntchito yawo ndi imeneyo.

Mphatso: Vuto lina ndi loti umapita pa tsiku lako n'kukuuza kuti mankhwala atha, kagule. Azakhali anga zawachitikira kawiri chaka chino pachipatala china kwathu kuno. Ndalama ya thiransipoti yapita, mankhwala osapeza. Amakhala milungu iwiri osamwa.

Anachisale (namwino): Zimenezo sindingakane Mphatso, ndipo ifenso zimatiwawa kubweza munthu chimanjamanja. Chimene ndimawauza odwala anga n'chakuti asamadikire piritsi lomaliza. Bwerani kukatsala a sabata imodzi, kuti mukapeza kulibe mukhale ndi masiku ofufuza kwina. Mukamagula ku famase tengani kabuku kanu kuti akupatseni dzina lomwelo ndi mlingo womwewo, musagule pamsika pamene mapiritsi amakhala padzuwa. Ndipo musabwerekane mankhwala ndi aneba. BP ndi imodzi koma matupi ndi osiyana, a mnzako akhoza kukugwetsa. Ngati amlodipine akukutupitsa mapazi, kapena enalapril akukupatsa chifuwa chouma chosatha, bwera udzanene, osangosiya.

Yamikani (Dedza boma): Ife kuntchito tinasonkherana anthu 8 n'kugula makina amodzi oyezera, amakhala mu ofesi. A kabaza pa siteji mungathe kuchita chimodzimodzi kudzera m'bungwe lanu lija mumasonkha za maliro.

Limbani (Bembeke): Ganizo limenelo ndikalitula kwa tcheyamani. Tilipo 23 pa siteji ndipo sindikukhulupirira kuti alipo wina anayezetsapo. Mayi Anachisale, mapiritsi otsala aja ndikadali nawo. Ndiyambirenso usiku uno?

Anachisale (namwino): Pita mawa m'mawa ndi kabuku kako ndi mapaketi omwewo, akakuyeze kaye. Ukanene zoona kuti unasiya liti komanso chifukwa chake, zonse ziwiri zija. Mwina akudzudzula pang'ono, upirire. Koma usiku uno ukamva mutu woopsa, kupweteka pachifuwa, kubanika, dzanja kapena mwendo kuchita dzanzi, kamwa kupindika, kapena mawu kuvuta kutuluka, usadikire kuche ndipo usayendetse njinga wekha. Izi ndi za aliyense pagulu pano. Munthu akagwa motero kunyumba, musamuthire madzi, musamumwetse kanthu, musayambe kwina. Thamangirani kuchipatala.

Bambo Jere (Tsangano): Tikanadziwa zimenezi chaka chija.

Lachinayi masana

Limbani (Bembeke): Abale ndabwera kudzapereka lipoti. Ndinapita dzulo. Inali 164/102. Adokotala anali achimuna, ndinawauza zonse mpaka za ukwati zija. Sanandikalipire. Andisiyira amlodipine, HCT andichotsera n'kundipatsa wina, ndipo akuti ndibwerenso pakatha milungu iwiri. Mkodzo ndi shuga zili bwino, za impso ndikatenge zotsatira Lolemba ku boma. Usiku ndinapita kwa bwenzi langa ndi kabuku m'manja. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinauza gulu la anthu 200 iye ndisanamuuze. Anakwiya ndithu, ndipo ali ndi chifukwa. Koma m'mawa uno 6 koloko wandiimbira kufunsa ngati ndamwa. Bambo ake akuti akumwa omwewo chaka chachitatu.

Tiyamike (Lizulu): Ambuye alemekezeke. Mumupepese bwinobwino mlamu wathuyo.

Mayi Nangozo (Linthipe): Umupatse nambala yanga mtsikanayo, tidzakambirane za kukhitchini.

Aubrey: Aise, ine ndinapita kukayezetsa lero pobwera ku Kampepuza, nkhani ija inandisowetsa tulo. Apeza 138/88, akuti ndibwerenso mwezi wamawa ndipo ndichepetse fodya. Amalume akanabe, koma azakhali avomera kupita Lachisanu.

Anachisale (namwino): Aubrey, fodyayo usachepetse, usiye. Tidzakambirana kumbali mmene ungayambire. Limbani, zotsatira za Lolemba udzandionetse.

Yamikani (Dedza boma): Loweruka tikukwera phiri, tikumana pa depoti 5:30 m'mawa. Limbani njinga udzaisiye pansi. Valani majuzi, kukuzizira.

Limbani (Bembeke): Ndidzabwera ndi anzanga awiri a pa siteji. Tcheyamani wavomera za makina, akuti tiyambe kusonkha Lolemba. Yamikani, munagula kuti anuwo?